Tchuthi cha Kuno Chimatseka Zitseko

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji, msana uja unawaleka? Nanga amayi akudya bwino? Pa foni amandiuza kuti ali gwa, koma amayi ndimawadziwa, akhoza kunena kuti ali gwa ali chigonere. Inu ndiye mundiuze zoona. Ine kuno ndilipo, thupi lilibe chovuta, kungoti mawondo ayamba kundiyankha ndikamakwera masitepe, ndipo kuzizira kwayamba msanga chaka chino.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Pa foni inu mumandidula mawu, ine ndimakudulani, kenako netiweki imatidula tonse awiri. Nkhani iyi ndikufuna muimve yonse mpaka kumapeto musanayambe kundiyankha. Ndiye khalani pansi, anawo muwatume kumsika.

Ndi nkhani ya ukwati wa mtsikana wanga. Mukukumbukira mmene munandiimbira mukuseka, kundiuza kuti tsiku lapezeka, ndipo mwasankha dala kuti ligwere pa tchuthi chachikulu cha kumapeto kwa chaka. Munati nthawi imeneyo aliyense amakhala womasuka, ndipo palibe bwana angakanize munthu kupita kwawo pa tchuthi. Ndinathokoza, ndinaseka nanu, koma nditaika foni pansi ndinakhala nthawi yaitali dzanja lili patsaya. Simunalakwe ayi. Munaganiza monga timaganizira kwathu. Kungoti tchuthi cha kuno ndi cha mtundu wina, ndipo pa foni sitikhala ndi nthawi yofotokozerana zoterezi.

Kwathu tsiku la tchuthi chitseko sichitsekedwa. Munthu amangoti odi, musanayankhe n'komwe wakhala kale. Mukukumbukira malemu bambo mmene ankatulutsira mipando yonse pabwalo m'mamawa, ngakhale uja wothyoka mwendo, n'kuuchirikiza ndi njerwa. Amayi ankang'ung'udza kukhitchini kuti anthuwa achuluka, uku akuwonjezera madzi mu ndiwo. Wodutsa pamsewu ankaitanidwa ngakhale sitikumudziwa, ndipo madzulo potsuka mbale tinkafunsana kuti kodi bambo wa chipewa uja anali mbale wa ndani. Palibe ankadziwa, koma anadya n'kukhuta, n'kutengerako ana ake.

Kuno tchuthi chikayandikira anthu amathawa. Tsiku loti mawa ndi tchuthi amadzaza m'masitolo, kugula ngati kukubwera nkhondo. Madzulo ake mumangoona magalimoto atasenza masutikesi ndi njinga pamwamba, ana atapanikizana kumbuyo ndi mapilo, onse ulendo wotuluka mumzinda. Kukacha masitolo onse atsitsa zitsulo zawo, mabasi ndi apo ndi apo, msewu wathu uli zii. Otsalawo amadzitsekera m'nyumba. Alendo amalandira, inde, koma ndi alendo oitanidwa kalekale, ouzidwa nthawi yofika, ndipo nawonso amadziwa okha nthawi yonyamuka. Kufika pakhomo la munthu usanamuimbire ndi mlandu. Amakusuzumira kaye pakabowo ka pachitseko, ndipo nthawi zina satsekula n'komwe, iwe ukumva wailesi ikulira m'kati.

Chaka changa choyamba ndinapusa nazo. Nthawi imeneyo ndinkakolopa m'maofesi, ndiye tchuthi ndinali nacho. Ndinadzuka m'mawa, kusamba, kudzola mafuta, kuvala diresi langa labwino lija munandigulira ponyamuka, n'kutuluka kukafuna kumene kuli anthu. Ndinayenda mpaka miyendo kuwawa, ndinangokumana ndi nkhunda ndi bambo wina wosesa mumsewu. Ndinayamba kuganiza kuti mwina kwagwa maliro a munthu wamkulu, ine osamva chifukwa cha chilankhulo. Ndinamufunsa wosesayo ndi manja kuti anthu ali kuti. Anandiyankha kuti ndi tchuthi, n'kupitiriza kusesa.

Ngakhale anthu akwathu amene akhalitsa kuno anatengera. Mwana wa aphunzitsi aja a kuseri kwa tchalitchi ali mumzinda uno, mukumudziwa, uja ankadya kwathu mamina ali chuchuchu. Tsiku lina la tchuthi ndinapita kwake kukamuona. Anandilandirira pakhonde, chitseko atachigwira ndi phazi, n'kundiuza mwaulemu kuti ulendo wina ndizimudziwitsa kaye, chifukwa akazi ake anakonza chakudya cha anthu owerengeka. Sindinapitekonso.

Ntchito yanga ya tsopano mukuidziwa, koma simunaione, ndiye ndikujambulireni. Ndimasamalira gogo wina m'nyumba mwake, m'nyumba zosanjikizana zija, pamwamba penipeni. Ndimagona momwemo, m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini, momwe mulinso makina ochapira. Makinawo akamazungulira bedi langa limanjenjemera. Zenera lake lapenya khoma la nyumba ina, ndiye kuti ndidziwe ngati kunja kuli dzuwa ndimatulutsa mutu n'kuyang'ana kumwamba ngati nkhuku yomwa madzi. Agogowa anagwidwa ndi matenda opha ziwalo, mbali imodzi inafa, mawu anatsala owerengeka. Kuwasambitsa ndine, kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda ndine, kuwadyetsa ndi supuni ndine. Si ovuta. Akakwiya amangotseka maso basi.

Mwana wawo wamkazi, amene ndimawatcha Adona, ndiye bwana wanga. Amakhala mbali ina ya mzinda ndi amuna awo ndi ana. Chiphaso changa chokhalira m'dziko muno chinalembedwa pa dzina lawo, ndiye ngati ndikufuna kutuluka n'kudzalowanso, pamafunika kalata yawo yonena kuti ntchito yanga ikundidikira. Masabata wamba kumabwera mayi wina wa ku kampani yosamalira odwala kudzandilandira ntchito tsiku limodzi masana, ine n'kupita kukawongola miyendo ndi kukutumizirani kangachepe kaja. Koma pa tchuthi mayiyo sabwera, chifukwa naye ndi tchuthi. Adona amanyamuka ndi banja lawo. Kuti onsewa apume pamafunika mmodzi wotsala, ndipo wotsalayo ndine. Tchuthi chikatalika ndiye kuti inenso ndikhala nthawi yaitali osaponda pansi. Walira mvula walira matope, paja kubwera kuno ndinakulirira ndekha.

Choncho mutandiuza za tsiku la ukwati sindinachedwe. Ndinadikira tsiku limene Adona anabwera ndi nkhope yabwino, ndinawaphikira tiyi, n'kuwafotokozera ndi chilankhulo changa chothyokathyokachi kuti mwana ndili naye mmodzi yekha, ndinamusiya asanadziwe kudziluka tsitsi, ndipo tsopano akukwatiwa. Ndinawaonetsa chithunzi. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti wafanana nane pachipumi. Kenako anati chabwino, chaka chino iwo sapita kulikonse, adzakhala okha ndi mayi awo, ine ndipite, kalata adzalemba. Achemwali, ndinangotsala pang'ono kugwada. Munamva nokha mmene ndinakuwira pa foni tsiku lija. Ndinasiya ngakhale buledi wa madzulo kuti ndidzaoneke bwino pazithunzi.

Zinasokonekera mwezi watha. Kunali katchuthi kena, kokumbukira zinazake za dziko lawo zimene sindizimvetsa mpaka lero, ndipo kanalumikizana ndi mapeto a sabata. Adona anabweretsa zakudya zodzaza firiji, anawapsompsona mayi awo pachipumi, n'kutsika masitepe mothamanga chifukwa amuna awo ankaliza hutala pansi.

M'mawa wa tchuthicho agogo anakana chakudya. Ndinawaveka bulauzi yawo ya maluwa, ndinawapesa, n'kuwakhazika pampando wawo wa matayala pafupi ndi zenera la pabalaza. Iwo maso anali pachitseko. Foni inalira, zidzukulu zinakuwa moni wa tchuthi zonse pamodzi, foni n'kuduka ndisanaifikitse bwino kukhutu kwawo. Supuni ikafika pakamwa ankangotembenuza mutu. Ine mtima unandiwawa. Munthu wamkulu chonchi, wobereka, wa zidzukulu, kukhala tsiku la tchuthi ndi wantchito yekha, kumvetsera firiji ikulira. Ndinaganiza za amayi athu, kuti akanakhala iwo, anthu akanatinena bwanji.

Kenako ndinamva chidebe chikugunda pamasitepe. Pali mayi wina amene amakolopa nyumba yonseyi, naye ndi wobwera, wochokera dziko lina lakutali, ndipo naye tchuthi sichimukhudza. Timapatsana moni tsiku lililonse, chilankhulo chathu ndi cha manja ndi kuseka. Ndinatsekula chitseko n'kumukodola kuti adzamwe tiyi. Anakana kaye, akuloza nsapato zake zonyowa, koma ine mukundidziwa, ndinamulanda chokolopera n'kuchiimika pakhoma. Analowa, anawagwira agogo dzanja, n'kuyamba kuwalankhula m'chilankhulo chakwawo ngati anakulira limodzi. Agogo anachotsa maso pachitseko n'kuyamba kumuyang'ana.

Nditaona choncho mtima unakula. Pansi pathu pamakhala bambo ena amasiye, okalamba, a galu wamakutu ataliatali. Ndinali nditamva kuti kale iwo ndi malemu akazi awo ankacheza ndi agogowa, matenda asanabwere. Ndinaika makeke pambale, ndinatsika, n'kugogoda. Anasuzumira pakabowo kaja nthawi yaitali. Atatsekula anandifunsa ngati kwachitika ngozi. Ndinati ayi, lero ndi tchuthi, agogo akukuitanani. Linali bodza, koma la mtundu uja Mulungu amangoseka nalo. Anati ndiwapatse kanthawi, ndipo atakwera anali atamanga tayi, galu ali pambuyo.

Chitseko ndinachisiya chotsekula, n'kuchichirikiza ndi nsapato, ndimati mwina pangadutse wina. Sipanadutse aliyense, koma kamphepo ka pamasitepe kanalowa, fungo la mankhwala lija n'kuchepa. Bambo aja anatsekula wailesi n'kupeza nyimbo za nthawi yawo. Mayi wokolopa anavina kapu ili m'manja. Galu anaika mutu pamiyendo ya agogo. Achemwali, agogo aja anaseka, pakamwa popotoka pomwepo, mpaka misozi. Ankamenya bulangete ndi dzanja lamoyo lija motsatira nyimbo. Anamaliza mbale yonse, n'kuloza keke ya bambo aja kuti awagawireko. Zaka zonse ndakhala kuno, tsiku limenelo lokha ndi limene ndinamva m'thupi kuti lero ndi tchuthi.

Pamwamba pa kabati ya pabalaza pali kakamera kamene Adona amaonera mayi awo pa foni akakhala kutali. Musaganize kuti ndinakaiwala. Ndinkakadziwa bwinobwino, ndipo apa ndi pamene uchitsiru wanga unakulira. Ndinawauza alendo anga kuti tonse tiyang'ane kumeneko tibayibitse. Tinaimika manja, bambo aja anavula chipewa, ngakhale agogo ndinawakweza dzanja. Mumtima ndinkati Adona akaona asangalala, adya tchuthi chawo mtima uli m'malo podziwa kuti mayi awo sali okha. Kwathu munthu ukamuchezera kholo lake amabwera yekha kudzathokoza.

Adona anabwerera tchuthi chisanathe. Kuno sakalipa ngati kwathu, kumene munthu amakutukwana dera lonse n'kumva, mawa lake mukubwerekana mchere. Kuno amakukhazika patebulo n'kulankhula motsitsa mawu. Anandifunsa kuti chilolezo cholowetsa anthu m'nyumba anandipatsa ndani. Anatchula galu pafupi ndi wodwala, chitseko chotsekula, munthu wosadziwika kumwera kapu ya mayi awo. Anati chikanasowa chinthu, kapena mayi awo akanatenga matenda, ndikanayankha chiyani. Ndinayesa kufotokoza kuti kwathu munthu wamkulu sasiyidwa yekha tsiku lotere. Anandiyankha kuti kuno si kwathu kumene ndikunenako. 

Koma ndinawayang'ana m'maso, ndipo ndinaona kuti chowawawa kwenikweni si galu. Anandifunsa mobwereza kuti mayi awo ankaseka chiyani. Chiyambire matendawa iwo sanawaonepo akuseka. Amabwera ndi maluwa, amabwera ndi mafuta odula odzola, mayi awo amangotseka maso. Ndiye kuona pa foni, uli kutali, mayi ako akusekera wokolopa masitepe, ndi chinthu chobaya mtima. Ndinawamvera chisoni ngakhale ankandizenga mlandu.

Chigamulo chinabwera patapita masiku. Anati sandichotsa ntchito, chifukwa mayi awo anandizolowera. Koma za kumapeto kwa chaka zasintha. Iwo anali okonzeka kusiya ulendo wa banja lawo chifukwa cha ine, ndipo tsopano sakuona chifukwa chodzimana kaamba ka munthu wosasunga malamulo a m'nyumba. Anati ngati ndikufuna kupita ndipite, sanandimange, koma kalata salemba. Ndinawachonderera. Ndinalira pamaso pawo, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. Anandipatsa kapepala kopukutira misozi, n'kuyang'ana wotchi. Ndinakafunsanso ku kampani ngati angapeze wondigwirizira ntchito, ndimati mwina Adona akamva kuti munthu alipo afewa. Mtsikana wa padesiki anangopukusa mutu, anati nyengo imeneyo aliyense amafuna kupuma, ndipo ochepa ogwira ntchitowo anthu anawalembetsa kalekale.

Kuchokera tsiku limenelo mayi wokolopa amadutsa pakhomo pathu mofulumira, chidebe atachinyamula m'mwamba kuti chisagunde. Ndinamva kuti naye anakamuneneza kwa abwana ake, ndipo zimenezi zimandiwawa chifukwa chokolopera chija ndinamulanda ndine. Bambo a galu tikakumana pamasitepe amagwira chipewa n'kuyang'ana pansi. Agogo abwerera kuyang'ana chitseko.

Musaganize kuti sindinalingalire zongonyamuka. Sutikesi ndinaitsitsa pamwamba pa makina aja, ndinaipukuta fumbi. Ndinati ntchito ndi chiyani, mwana ndi mmodzi. Koma ndikatuluka popanda kalata sindidzalowanso, ndipo inu mukudziwa zimene zatsamira pa ntchito imeneyi: mankhwala a amayi, sukulu ya ana a malemu achimwene, ngakhale ukwati womwewu. Ndikabwera kudzavina tsiku limodzi, mawa lake tonse tidzakhala pansi n'kumayang'anana. Pa msinkhu wangawu, ndi mawondo amenewa, ndani angandilembe ntchito kumeneko?

Palinso china. Masana ena ndikuwadyetsa agogo, misozi inangotsika yokha n'kugwera pathireyi. Agogowa amamva zonse, ndi pakamwa pokha panafa, ndipo zonse za patebulo zija anazimva ali pampando wawo. Anandigwira pamkono ndi dzanja lamoyo lija, analimbana ndi lilime nthawi yaitali, kenako anatulutsa liwu limodzi la m'chilankhulo chawo, lotanthauza kuti pita. Analibwerezanso. Koma dzanja lija silinandisiye, achemwali. Linandifinya mpaka zala kudinda pakhungu, chakudya n'kuzizira tili chomwecho. Ndinakhala pomwepo mpaka anagona, ndiye ndinamasula zala zawo chimodzichimodzi. Ndimakwiya nawo, ndimadzikwiyiranso ndekha. Munthu si mbale wanga, dzina langa satha kulitchula, koma ndikaganiza kuti ndikachoka chochokeratu adzamubweretsera mlendo wosadziwa kuti supuni imalowera mbali iti ya pakamwa, ndimalephera kuika chovala ngakhale chimodzi m'sutikesi muja.

Chinatsala ndi kumuuza mwana. Ndinazengereza. Ndinayeserera mawu ndikutsuka mbale, ndikuyanika zovala, ndikusita. Lamlungu masana, agogo atagona, ndinadzitsekera m'kachipinda kanga n'kumuimbira. Ndinali nditakonzeka kuti alira, kapena andikalipira, kapena adula foni, ndipo zonsezo ndikanazilandira ndi manja awiri. Ndinafotokoza zonse, za galu, za kamera, za kalata, mawu akutuluka mosalongosoka. Iye anamvetsera osandidula. Nditamaliza anati zilibe kanthu amayi, musadandaule, ntchito ndi ntchito.

Kenako ndinatchula za nsalu. Paja anali atandiuza kuti nsalu ya diresi la mayi wa mkwatibwi anagula kale. Ndinati aisunge bwino, mwina ndidzasoketsa nthawi ina. Anandiuza kuti diresilo lili kale kwa telala, latsala kupinda m'munsi basi. Ndinadabwa, ndinafunsa kuti telalayo wasoka bwanji pamene miyeso yanga sindinatumize. Anati anayeza amayi aakulu. Ndinafunsa kuti liti. Anati sabata yomwe ija tsiku la ukwati linasankhidwa. Ananena modekha, mopanda mkwiyo ngakhale pang'ono, ngati akundiuza kuti kwagwa mvula. Kenako anandifunsa ngati ndikudya bwino, n'kundilangiza kuti ndizivala zamphepo chifukwa wamva kuti kuno kwazizira.

Achemwali, sabata imeneyo Adona anali asanakwiye. Galu anali asanakwere masitepe. Ine ndinali ndisanalakwe chilichonse. Ndipo nditaimba ndi chimwemwe kuti andilola, mwanayo anasangalala nane pa foni, koma kwa telala sanapite kukasintha kanthu. Inu ndinu aatali, ine ndine wamfupi wojintcha, diresi limenelo sindikanalowamo ngakhale ndikanasiya kudya mwezi wonse. Mwana wanga anadziwiratu kuti sindibwera, monga sindinabwere atagonekedwa m'chipatala, monga sindinabwere atakhoza mayeso. Nthawi zonse ndinali ndi chifukwa chomveka, ndipo nthawi zonse iye ankati zilibe kanthu amayi. Ine ndinkanyadira kuti ndinabereka mwana womvetsa zinthu. Pa foni paja ndinalakalaka akanandituka.

Ndipo inu munadziwa. Munaima kwa telala manja mutatambasula, tepi ikuzungulira m'chiuno, kenako munandiimbira kuti tsikuli tasankha chifukwa cha iwe. Ndinakukwiyirani, sindibisa. Ndinakuyankhani zambiri mumtima ndikuchapa matewera a agogo, zina zoti mutazimva simukanandilankhulanso mpaka kumanda. Koma mkwiyowo unatha wokha chifukwa unalibe poimira. Ndikudziwa kuti inu munkafunadi ndibwere, ndipo kwa telala munapita chifukwa mwana anakupemphani, simukanamukana. Akanapempha ndaninso? Atatha msinkhu anathamangira kwa inu. Mnyamata ameneyu anayamba kumutchula kwa inu, ine ndinamva nkhani itapsa kale. Ine saizi ya nsapato yake ndimaidziwa chifukwa mumandiuza, inu mumadziwa akamanama pongomuyang'ana m'maso.

Pempho langa ndi limodzi. Ndikukudziwani, mukangomaliza kuwerenga mumanga mpango n'kuthamangira kwa akuchimuna kuti tsiku lisinthidwe. Musatero. Kumeneko tchuthi ndi tsiku labwino, anthu adzabwera ambiri, oitanidwa ndi osaitanidwa omwe, ndipo mwanayo ayenera kukwatiwa pagulu la anthu. Ngakhale mutasintha, ine sindingalonjeze kanthu, ndatopa kumulonjeza mwana ameneyu. Diresilo mulivale. Ndipo woyendetsa mwambo akadzaitana mayi wa mkwatibwi, mudzaimirire nthawi yomweyo. Musadzayambe kufotokozera anthu kuti mayi ake enieni ali kunja, alephera chifukwa cha zakutizakuti. Musadzachite manyazi, musadzayang'ane uku ndi uku ngati mwaba malo a wina. Mwanayo asadzaime kutsogolo kudikira ngakhale kamphindi, wadikira mokwanira.

Tsiku limenelo musadzandiimbire mwambo uli m'kati, manja anu adzakhala ndi zambiri zogwira. Mudzandiuza pambuyo pake, mutapuma, pang'onopang'ono, kuyambira amene anafika mochedwa mpaka amene anavina moipa.

Mundiperekere moni kwa amayi. Nkhaniyi muwauze inu, atadya kale, ndipo za galu mukhoza kudumpha. Moni kwa alamu, muwauze asadzadzionetsere pabwalo ndi msana umenewo. Moni kwa ana a malemu achimwene, alimbikire sukulu. Moni kwa azakhali, kwa amalume, ndi kwa asewere anga atsopanowo amene sindinawaonepo nkhope. Mkamwini mumuuze kuti ndikumudalira. Mtsikanayo musamuwerengere kalatayi, ali ndi zambiri zoganiza. Mungomuuza kuti ndamva, ndipo anaganiza bwino.

Mulungu akusungeni nonse, ndipo inu akupatseni mphamvu m'miyendo.

Ine mng'ono wanu,
mayi wamng'ono wa mkwatibwi.